Abambo, tetezani m'chiuno popopera mankhwala

Chilimwe chino aliyense ali kudimba. Ku Lunzu, ku Ntonda mpaka kutsetsereka ku Kunthembwe, tomato ndi kabichi zadzaza m'mbali mwa mitsinje, ndipo masipuleya sakupuma. Masiku apitawa ndinaima pa dimba lina pomwe bambo wina amapopera tomato atavala kabudula ndi malaya ong'ambika. Mphira wa pachivundikiro cha sipuleya unali utatha, madzi a mankhwala akutsika ndi msana, kabudula yense ali noninoni. Nditawapempha kuti atule kaye anangoseka. "Alangizi, ine ndinayamba kupopera inu muli kusukulu. Ngakhale mutu sunandipwetekepo."

Sindinawatsutse, chifukwa n'kutheka kuti amanena zoona. Vuto ndi lakuti ambirife timayeza ukali wa mankhwala ndi chizungulire, nseru ndi kukomoka. Pali kuwononga kwina kosamveka kupweteka, kumene munthu amadzakuzindikira patapita zaka, m'nyumba mukusowa mwana. Pepani akuluakulu, nkhaniyi ndi ya kuchipinda ndipo ndiilankhula mosapsatira, chifukwa ndikakuluwika ena apita osamva.

Kuti mwamuna abereke pali uthenga umene umayenda m'magazi. Umachokera pa kachiwalo kakang'ono ngati njere ya nandolo kamene kali pansi pa ubongo, kotchedwa pituitary. Kachiwaloka kamatulutsa mahomoni awiri, LH ndi FSH. LH ikafika m'machende imadzutsa maselo otchedwa Leydig kuti apange testosterone, homoni imene imakulitsa mawu a mnyamata, kumumeretsa ndevu ndi kumupatsa chilakolako. FSH imapita kwa maselo a Sertoli, amene ali ngati nazale: m'menemo ndimo mbewu ya umuna imaleredwa kuyambira ili yanthete mpaka itamera kamchira. Kwa munthu kuleraku kumatenga masiku pafupifupi 74, kwa khoswe pafupifupi 50. Testosterone ikachuluka ubongo umachepetsa uthenga, ikachepa umawonjezera. Dongosolo limeneli alinalo khoswe, alinalo tonde, nkhumba ya mphongo, ng'ombe ya nkhunzi, ndi ifenso. N'chifukwa chake akatswiri akafuna kudziwa zimene mankhwala angatichite amayamba ayesa pa makoswe ndi mbewa za m'labotale. Ena amapeza kuti mankhwala atseka uthenga wochokera kuubongo, ena aletsa maselo a Leydig kupanga testosterone, ena apha nazale yeniyeniyo, ndipo ena akhala pamalo pomwe testosterone imayenera kugwira, ngati kiyi wolakwika amene wathyokera m'loko.

Alimi ena ndikatchula makoswe amati, "Ife si makoswe." Mvetserani nkhani iyi. Kunali mankhwala ophera njoka zing'onozing'ono za m'nthaka, zija zimatupitsa mizu, otchedwa DBCP. Mu 1961 ofufuza a ku America anasindikiza zimene anaona atapumitsa mpweya wa mankhwalawa makoswe, akalulu ndi mbira: machende a nyamazo anafota. Lipotilo linalipo, koma mankhwalawo anapitirira kupangidwa ndi kugulitsidwa. Mu 1977 amuna ogwira ntchito pafakitale ina ya mankhwalawa ku Lathrop, California, anayamba kufunsana okhaokha kuti bwanji m'chigawo chawo palibe amene mkazi wake akuima. Atayezedwa, mwa amuna 25 amuna 14 anapezeka alibiretu mbewu kapena ali nayo yochepa kwambiri. Patapita nthawi zomwezo zinaoneka pakati pa anthu ambirimbiri ogwira ntchito m'minda ya nthochi ku Costa Rica ndi ku Nicaragua. Kuchokera 1961 kufika 1977 ndi zaka 16 makoswe atanena kale.

Chimene ndikufuna muchigwire pa nkhani ya ku Lathrop ndi ichi: testosterone ya amunawo inali bwinobwino. Ndevu zinalipo, mawu anali aakulu, kuchipinda ntchito imagwirika. Chinafa ndi nazale yokha. Kwathu kuno timasakaniza zinthu ziwirizi. Timati wosabereka ndi amene anagwa m'papaya, ndiye bambo akaona kuti mphamvu zilipo amaloza chala mayi. Mphamvu ndi zina, mbewu ndi ina. Ena mwa amuna aja amene anagwira ntchitoyo nthawi yochepa mbewu inabwerera atasiya, koma ambiri amene anakhalitsa sinabwererenso.

Tibwerere ku kabudula wonyowa uja. Khungu la munthu silimwa mankhwala mofanana paliponse. Mu 1971 dokotala wa khungu Howard Maibach wa ku San Francisco ndi anzake anapaka mankhwala ophera tizilombo otchedwa parathion pa ziwalo zosiyanasiyana za anthu odzipereka, kenaka n'kuyeza kuchuluka kwa amene analowa m'thupi. Pamkono analowa magawo pafupifupi 9 pa 100. Pachikhatho, 12. Pamphumi, 36. Pakhungu la machende analowa onse. Khungu la pamenepo ndi lopyapyala, lofunda ndiponso lonyowa ndi thukuta, ndiye ndi khomo lalikulu lolowera mankhwala m'magazi. Tsono taganizirani sipuleya ya malita 16 ikudontha pamsana kwa maola awiri, madziwo akutsikira kumene amatsikira, munthu n'kukhala ndi kabudula yemweyo mpaka madzulo, mwina n'kupita naye pa bawo.

Choncho musanathire mankhwala, dzazani sipuleya ndi madzi okha, iberekeni, pompani, weramani pang'ono. Ikadontha pachivundikiro, pa payipi kapena pa chogwirira, ikonzeni kaye. Mphira wa chivundikiro ndi wotchipa kuposa botolo la mankhwala lomwe mwanyamulalo. Ngati sipuleya ndi ya kalabu, yobwerekana, gwirizanani kuti wobweza aziyeza ndi madzi pamaso pa wolandira, chifukwa ya tonse ndi imene imakhala yodontha. Pakati pa msana ndi sipuleya ikani pepala la pulasitiki lochindikala kapena thumba la feteleza lotsuka bwino lokhala ndi pulasitiki mkati, mulibowole pamutu, lifike m'maondo. Ovolosi ngati ilipo ndi yabwino. Ngati palibe, buluku lalitali ndi malaya a manja aatali zimene mwazipatula kuti ndi zopoperera basi. Mwendo wa buluku ukhale kunja kwa jombo kuti madzi asatsikire mkati.

Pali zizolowezi zitatu zimene ndimaziona pafupifupi dimba lililonse. Choyamba, kabotolo ka mankhwala osasungunula m'thumba la buluku, pafupi penipeni ndi pamene tikupatetezapo. Kanyamuleni m'chidebe kapena m'jumbo yomanga, m'manja. Chachiwiri, kupita kukataya madzi kuchimbudzi. Tonse tinaphunzitsidwa kusamba m'manja pochokera kuchimbudzi, koma wopopera ayenera kusamba ndi sopo asanapite, asanamasule n'komwe zipi. Ikani chigubu cha madzi oyera ndi kachidutswa ka sopo m'mphepete mwa dimba musanayambe ntchito. Chachitatu, kuuzira ndi pakamwa nozo, kansonga kotulukira mankhwala kaja, ikatsekeka. Itsukeni ndi madzi, muitokose ndi kaudzu.

Nthawi yoopsa kuposa zonse ndi yosakaniza, pamene mankhwala ali okhaokha asanalowe m'madzi. Magolovesi a labala ngati muli nawo amodzi okha, ndi a nthawi imeneyo. Magolovesi ansalu ndi oipa kuposa manja, chifukwa amamwa mankhwala n'kuwasunga pakhungu. Vundulani ndi kamtengo, osati ndi dzanja. Poperani m'mamawa kapena dzuwa litapendeka, mphepo isakubwezereni kumaso. Mukamaliza sambani thupi lonse ndi sopo musanadye, musanasute, musananyamule mwana.

Tsopano za amayi, pakuti nkhani ya amuna imayambira m'mimba. Khoswe amatenga bere masiku pafupifupi 22. Gulu la Richard Sharpe ku Edinburgh linaonetsa mu 2008 kuti pali masiku ochepa chabe, kuyambira cha m'ma 15 kufika 18 a bere, pamene testosterone ya kamwana kamphongo imayala maziko a ziwalo zake zonse zachimuna. Ikasokonezedwa masiku amenewo, kamwanako kamabadwa ndi chida chaching'ono, machende osatsika, kapena kabowo kotayira madzi kali pansi osati kunsonga, ndipo kakakula mbewu imakhala yochepa. Khoswe wamphongo mwachibadwa alibe nsonga za mabere, koma amene amayi awo anamwetsedwa mankhwala otseka testosterone amabadwa nazo. Izi zinaoneka ndi vinclozolin, mankhwala ophera nkhungu m'mbewu. Zinaoneka ndi DDE, chotsalira cha mankhwala ophera tizilombo a DDT chimene mu 1995 chinapezeka kuti chimatseka pamalo pogwira testosterone. Zinaonekanso ndi ma phthalate, amene amafewetsa pulasitiki ya PVC monga ya mapayipi ofewa ndi chikutiro cha mawaya. Mlingo womwewo woperekedwa kwa khoswe wamkulu kapena pa masiku ena a bere suwononga motero.

Ofufuzawo anawerengera kuti kwa munthu nyengo imeneyi imagwa pakati pa sabata 8 ndi 14 za pakati. Amayi mukudziwa bwino kuti nthawi imeneyo mimba siinaoneke, apongozi sanauzidwe, kusikelo simunayambe, mwina mwini wakenso akukayikabe. Ndi nthawi imene mayi akutungira madzi sipuleya, akugwirira bambo chidebe posakaniza, akuchapa ovolosi ndi manja, akulowa kukathyola tomato masamba asanaume. Kudikira kuti mimba ioneke ndiye timuchotse kudimba n'kutseka khola mbuzi zitatuluka. Ine ndimalangiza kuti pabanja pamene mayi angathe kuima, kusakaniza, kupopera ndi kuchapa zopoperera ikhale ntchito ya bambo chaka chonse. Inde bambo, muchape nokha, m'beseni lake, kutali ndi chitsime, osaphatikiza ndi matewera. Amayi amene akulima okha, ndipo ndi ambiri, agwirizane mu kalabu kuti wopopera akhale munthu mmodzi wophunzitsidwa wokhala ndi zovala zake, amene aziwapoperera pa mtengo wogwirizana. Ana asatumidwe kukagula kapena kunyamula mankhwala.

Mufunsa kuti nanga mankhwala amene tili nawo m'masitolo mu Limbe ndi ku Lunzu ali pati pa nkhaniyi. Tembenuzani botolo, muwerenge dzina laling'ono lija lili pansi pa dzina la malonda. Mankhwala ena ophera udzu m'chimanga ali ndi atrazine. Mu 2002 Tyrone Hayes wa ku University of California, Berkeley, analengeza kuti achule a m'madzi a mtundu wa Xenopus laevis, omwe kwawo ndi kuno kummwera kwa Africa, akakulira m'madzi okhala ndi atrazine wochepetsetsa ena amakhala ndi ziwalo zachimuna ndi zachikazi pamodzi. Kampani yopanga mankhwalawa inatsutsa, ofufuza ena sanapeze zofanana, ndipo mkangano wa achulewo unatenga zaka. Za makoswe zilibe mkangano wotero: atrazine wambiri amasokoneza LH ndipo amachedwetsa kutha msinkhu. Mayiko a European Union anasiya kumulola kuyambira 2004 chifukwa amalowerera m'madzi a pansi panthaka. Kwa ife amene chitsime chili mamita ochepa kuchokera pa mzere womaliza wa chimanga, phunziro lake n'losavuta: musatsukire sipuleya pachitsime, pamjigo kapena mumtsinje. Madzi otsukira athireni m'munda momwe mwapoperamo.

Mancozeb, ufa wachikasu uja timathira tomato ndi mbatata ya kachewere poopa chiwawu, anachotsedwa ku European Union ndi chigamulo cha 2020 ataikidwa m'gulu la mankhwala amene angawononge mwana wosabadwa. Chlorpyrifos, dimethoate ndi cypermethrin, amene anthu anawakhuthulira m'chimanga chibwerereni mbozi za ntchemberezandonda zachilendo zija mu nyengo ya 2016/17, onse pali kafukufuku wa makoswe kapena mbewa amene anaonetsa testosterone ikutsika ndi mbewu ikuchepa nyamazo zitamwetsedwa kwa masabata angapo.

Apa ndinene chilungamo. M'labotale nyama kawirikawiri zimapatsidwa mlingo waukulu kuposa umene mlimi wosamala angakumane nawo, ndipo munthu si khoswe m'zonse. Sindikunena kuti aliyense wopopera tomato adzakhala wosabereka, ndipo sindikunena kuti mutaye mankhwala chiwawu chikuthereni dimba. Koma khoswe wa m'labotale amapatsidwa mankhwala amodzi, oyezedwa bwino, kwa masabata owerengeka. Mlimi wa kabudula uja amasakaniza mitundu itatu mu sipuleya imodzi "kuti ikhale yamphamvu", mlingo wake ndi chitsekerero cha botolo la zakumwa, ndipo wachita izi sabata iliyonse kwa zaka 20. Pakati pa awiriwa sindikudziwa kuti wotetezeka ndani, koma ine sindingabetche pa mlimiyo. Tsatirani mlingo wolembedwa, musaphatikize mankhwala pokhapokha lebulo italola, ndipo chepetsani maulendo opopera: imikani tomato ndi mitengo, thenani masamba a m'munsi, thirirani patsinde osati pamasamba, yenderani chimanga kawiri pa sabata n'kumaphwanya mazira ndi timbozi tikadali tating'ono. Masiku odikira musanakolole amene alembedwa pa lebulo asungeni, ngakhale ogula atafika ndi madengu.

Mzere wa mtundu umene uli m'munsi mwa lebulo, wofiira, wachikasu, wabuluu kapena wobiriwira, umanena za msanga umene mankhwalawo angakuphereni mutamwa kapena atakutayikirani. Sunena za mahomoni. Mankhwala a mzere wobiriwira si madzi akumwa, ndipo mancozeb yemwe uja sali m'gulu la ofiira. Koma bola botolo la lebulo, mumadziwa chimene mwagwira. Timabotolo ndi timapaketi topanda dzina timene timagulitsidwa pansi m'misika, tothiridwa kuchokera m'botolo lina, musagule. Pansi pa lamulo la mankhwala ophera tizilombo la chaka cha 2000, bungwe la Pesticides Control Board, lomwe lili pa Bvumbwe apa, ndilo limalembetsa mankhwala ndi kupereka ziphaso kwa ogulitsa. Funsani chiphaso, si mwano. Botolo likatha litsukeni katatu, madziwo muthire mu sipuleya, kenaka liboole kuti wina asaikemo mchere, mafuta ophikira kapena thobwa.

Anzathu a m'tauni, a ku Ndirande, Bangwe, Chirimba ndi Machinjiri, musaganize kuti izi ndi za akudimba okha. Zinyalala zosakanikirana ndi mapulasitiki zikamanyeka pang'onopang'ono ndi utsi wakuda zimatulutsa poizoni wotchedwa dioxin, makamaka ngati muli PVC. Anyamata owotcha mawaya kuti apeze kopa wogulitsa amapuma utsi woipitsitsa. Mu 1992 ofufuza a ku University of Wisconsin anapatsa makoswe a bere dioxin kamodzi kokha pa tsiku la 15, mlingo wochepa kwambiri moti mayiyo sanadwale, koma ana amphongo atakula anali ndi mbewu yochepa. Ku Seveso, Italy, fakitale itaphulitsa utsi wa dioxin mu 1976, anyamata amene anali aang'ono panthawiyo anadzapezeka ali akuluakulu kuti mbewu yawo ndi yochepa poyerekeza ndi anzawo. Dioxin imakhazikika m'phulusa ndi m'dothi, ndipo imaunjikana m'mafuta a nyama. Nkhuku zoyenda zokha zikamapalasa pa dzala lowotchedwa, imathera m'mazira. Ndiye phulusa la padzala musathire m'dimba ngati manyowa, nkhuku ndi mbuzi musazisiye pamene pamawotchedwa zinyalala, ndipo mbaula kolezani ndi tinkhuni kapena zitsononkho, osati jumbo kapena chidutswa cha silipasi.

Mabatire nawo. Kale mu 1956 Jiří Pařízek wa ku Prague anaonetsa kuti jakisoni mmodzi wa chitsulo cha poizoni chotchedwa cadmium amawononga machende a khoswe m'masiku ochepa, ziwalo zina zikuoneka bwinobwino. Cadmium imapezeka m'mabatire ena otchajanso ndi mu utsi wa fodya, ndipo ndiwo zamasamba zimaikoka m'nthaka mosavuta. Mtovu wa m'mabatire a galimoto ndi a sola nawonso umatsitsa mbewu, pa nyama ndi pa anthu ogwira ntchito m'mafakitale a mabatire. Ofufuza a ku University of Malawi anasindikiza mu 2007 kuti anapeza zitsulo ziwirizi m'mitsinje ya mumzinda wa Blantyre. Amene mumalima repu, mpiru ndi chayinizi m'mbali mwa Mudi kumunsi kwa mafakitale, ganizirani bwino madzi amene mukuthirira, makamaka mu Okutobala mtsinje utaphwa, madzi atada. Kutsuka masamba kumachotsa fumbi la pamwamba, koma chitsulo chimene chalowa ndi mizu sichichoka. Batire yakufa musaiphwanye pakhomo, musasungunule mtovu wake m'chiwaya, ndipo asidi wake musataye pamene ana amasewera.

Oweta ziweto, zomwezi zikukhudza khola. Tonde kapena nkhunzi ikamakwera koma zazikazi osatenga bere, timathamangira kugulitsa zazikazi. Yang'anani kaye kumene ziweto zikumwa ndi kudya, ndiponso ngati dibi mukusakaniza pa mlingo wake.

Ngati pabanja padutsa chaka mukuyesa mwana osabwera, pitani nonse awiri kuchipatala cha kwanuko, akutumizani ku Gulupu, chipatala chachikulu cha Queen Elizabeth, ngati pakufunika. Pa mabanja otere, pafupifupi theka vuto limakhudzanso mwamuna, ndipo kuyeza umuna n'kosavuta kuposa zonse zimene amayi amayezedwa. Gondolosi sangadzutse nazale imene yafa, ndipo mapiritsi kapena jakisoni wa testosterone ogula pa msika amauza ubongo kuti usiye kutumiza LH ndi FSH, mbewu n'kutheratu. Mukafika kwa adokotala auzeni ntchito imene mumagwira, zaka zimene mwapopera, ndipo tengani malebulo a mankhwala amene mumagwiritsa ntchito kapena muwajambule pa foni. Akakuuzani kuti mupume kaye kupopera, musayembekezere kusintha m'sabata imodzi. Kumbukirani masiku 74 aja: kuyezanso kumakhala ndi tanthauzo pakatha miyezi itatu.